Khomo limene tinalowera linasankha yankho: lipoti la kafukufuku wa thanzi la anthu a transgender

Tebulo loyamba la ziwerengero limene ndinasindikiza linali ndi nkhani yokoma moti ndinalibwereza kawiri. Linkasonyeza kuti pafupifupi munthu aliyense wa transgender amene tinamufunsa anali ataonana ndi dokotala kapena namwino m'miyezi 12 yapitayo. Titaika pambali pake zimene kafukufuku wa m'makomo anapeza pa anthu onse a mumzinda womwewo, anthu athuwa ankaoneka kuti akupita kuchipatala kuposa wina aliyense. Mnzanga wina pa timu anati mwina zinthu zasintha, mwina madandaulo amene timamva ndi a anthu ochepa okha. Ine pakamwa panandiuma. Sabata yomweyo ndinali nditacheza ndi mayi wina wa trans amene ankadzimanga yekha bala la pamwendo kwa miyezi, poopa kukaitanidwa ndi dzina lake lakale pamaso pa anthu odikira pabenchi.

Lipotili ndikulembera anzanga amene timawerengera za umoyo wa anthu, makamaka inu amene mwapatsidwa gulu lopanda kaundula kuti mulifufuze. Sinditchula mzinda, bungwe kapena munthu, ndipo manambala a zotsatira zathu ndawasiya dala. Gululi ndi laling'ono, anthu ake amadziwana, ndipo nambala imodzi ikhoza kuloza munthu ngati chala. Ndikufuna muone mmene tinawapezera anthuwo, ndi zimene kapezedweko kanachita pa yankho.

Ntchito imene tinapatsidwa

Bungwe lina lothandiza pa zaumoyo linkafuna kudziwa ngati anthu a transgender akutsalira m'mbuyo pa zinthu zitatu: kupeza chithandizo akadwala, thanzi la m'maganizo, ndi kuyezetsa HIV. Ponena transgender tikunena munthu amene amadzidziwa kuti ndi mkazi, mwamuna, kapena sali mbali iliyonse mwa ziwirizi, mosiyana ndi mmene analembedwera pobadwa. Mayi wa trans analembedwa kuti ndi mwamuna pamene iye ndi mkazi. Bambo wa trans analembedwa kuti ndi mkazi pamene iye ndi mwamuna.

Kutsalira ndi mawu oyerekeza. Sunganene kuti uyu watsalira usanaonetse amene ali patsogolo pake. Izi ndinkazidziwa, koma miyezi yoyambirira maso anga onse anali pa mbale imodzi ya sikelo.

Pa kafukufuku wa m'makomo zinthu zimakhala zoyalika. Pamakhala mndandanda wa madera ndi nyumba, timasankha mwamaere, ndipo mwayi woti munthu aliyense agwere mu sampulo, gulu la osankhidwa kuti afunsidwe, umadziwika. Mwayi wodziwikawo ndi umene umatilola kunena za mzinda wonse titafunsa anthu ochepa. Anthu a transgender alibe mndandanda wotere, ndipo sindikufuna kuti ukhalepo, chifukwa m'manja olakwika ndi chida chovulazira anthu. Choncho tinayambira pamene panali pofewa: kiliniki ina imene inkadziwika kuti imawalandira bwino. Anamwino ankatidziwa, chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa chinatuluka msanga, ndalama zinapita zochepa. Aliyense wobwera ankapemphedwa kuti ayankhe mafunso akatha kuthandizidwa.

Cholakwa chake ndi chapoyera, koma chinanditengera masiku kuti ndichivomere. Tinkafunsa anthu okhala m'chipatala ngati amapita kuchipatala. Zinali ngati kuima padoko n'kumafunsa otsika m'boti ngati anakwerapo boti. Munthu woopa chipatala, amene ndi mwini nkhani yathu, sakanapezeka pakhomo limenelo ngakhale tikanakhalapo chaka chathunthu.

Tinaimitsa ntchitoyo n'kuyala njira zimene ena anadzerapo.

Ya pa intaneti, pomwe wofuna aliyense amayankha, imabweretsa anthu ambiri. Ku America bungwe la National Center for Transgender Equality linaigwiritsa ntchito mu 2015 ndipo anayankha anthu 27,715; mu 2022 anafika 92,329. Pa kafukufuku wa 2015 uja, anthu 23 pa 100 alionse anati m'chaka chapitacho anasiya kukaonana ndi dokotala poopa kuchitiridwa chipongwe. Ntchito imeneyo ndimailemekeza, inatsegula maso a anthu ambiri. Koma kuchuluka kwa oyankha sikuwongola sampulo yopendekeka. Amene alibe foni yabwino, amene kuwerenga kumamuvuta, amene sayandikira mabungwe, kuitana kumeneko samakumva.

Yosankha mwamaere pakati pa anthu onse ndiyo yoongoka koposa. Kafukufuku wa TransPop, amene ofufuza a Williams Institute ku UCLA anachita mothandizana ndi kampani ya Gallup kuyambira 2016 mpaka 2018, anasefa khamu lalikulu la anthu kuti apeze a transgender 274, ndipo anasankhanso gulu loyerekezera nalo la anthu amene si a transgender. Thumba lathu silikanafika pamenepo. Yodikirira anthu kumalo amene amasonkhana tinaikana tsiku lomwelo: amene tinkawafuna kwambiri sasonkhana, ndipo mlendo woima ndi mafomu pakhomo la malo otere amaulula aliyense wolowa.

Inatsala ndi ija imene ofunsidwa amaitanirana okha, imene akatswiri amaitchula RDS. Anaikonza Douglas Heckathorn mu 1997 pofufuza anthu odzibaya mankhwala osokoneza bongo ku Connecticut. Chimene chinatilimbitsa mtima ndi ntchito ya Trans PULSE ku Ontario, m'dziko la Canada, imene mu 2009 ndi 2010 inafikira anthu 433 mwa njirayi, n'kupeza kuti 21 pa 100 alionse anapewapo chipinda cha odwala mwadzidzidzi chifukwa choopa mmene akalandiridwire. Funso lawo linali mbale wake wa funso lathu.

Kayendedwe kake n'kotere. Umasankha anthu ochepa oyambira, amene timawatcha mbewu. Aliyense akayankha mafunso amalandira makuponi atatu oti akapatse anzake a transgender. Obwera ndi kuponi amayankha, nawonso n'kulandira atatu, ndipo mibadwo imatsatana choncho. Nambala ya pa kuponi imatiuza amene anaitana mnzake. Aliyense timamufunsanso kuti amadziwa anzake angati, popeza wodziwika ndi ambiri ali ndi mwayi waukulu wolandira kuponi, ndiye powerengera yankho lake timalipepukitsa, la wodziwa ochepa n'kulilemeretsa. Zonsezi zimatsamira pa zinthu zimene timangoziganizira: kuti anthu onse ndi olumikizana mu ukonde umodzi, kuti munthu amapereka kuponi mosakondera, kuti amadziwa chiwerengero cha anzake, ndi kuti mibadwo ikatalika sampulo imaiwala kumene inachokera. Chilichonse mwa zimenezi chinatipunthwitsa.

Khoma lofiira

Makuponi athu analibe mawu oti transgender, analibe dzina la bungwe. Panali nambala, foni yoimbira, ndi tsiku lothera ntchito basi, kuti ikagwa m'thumba asadziwe wotola. Pamenepo tinachita bwino. Pa mbewu ndi pamene tinagwa. Zonse tinazipeza kudzera ku bungwe lomwe lija ndi ku kiliniki yomwe ija, anthu ochezeka, olankhula, odziwika.

Lachisanu lililonse madzulo ndinkajambula mtengo wa oitanirana pa pepala lalikulu lomata kukhoma. Kadontho kofiira kanali mayi wa trans, kobiriwira bambo wa trans, kakuda munthu amene sali mbali iliyonse, ndipo kamzere kankachoka kwa woitana kupita kwa woitanidwa. Patatha mwezi ndi theka khoma linali psuu. Nthambi ziwiri zinkathamanga, zonse za amayi a trans achitsikana amene ambiri ankadziwana kudzera ku mapologalamu a HIV. Timadontho tobiriwira tinali towerengeka, ndipo nthambi iliyonse ikafika pa kobiriwira inkafera pomwepo. Manambala ankakwera bwino, opereka ndalama ankasangalala, ndipo ndikanangoyang'ana pa kompyuta sindikanaona kanthu.

Tinali ndi komiti ya alangizi ochokera m'gulu lomwelo. Mmodzi mwa iwo, bambo wa trans wachikulirepo, wosalankhulalankhula, anaima patsogolo pa pepalalo nthawi yaitali manja ali kumbuyo. Kenako anati, "Achimwene, mbewu zanu zonse mwatapa m'nkhokwe imodzi." Anafotokoza kuti abambo a trans amene iwo amawadziwa sapita ku bungwe loona za HIV chifukwa saona kuti likuwakhudza. Ambiri ali pantchito kumene aliyense amawadziwa ngati amuna basi, ndipo amalumikizana awiriawiri, atatuatatu, pa foni. Kuwapatsa kapepala koti akaonekere nako ku ofesi yodziwika, masana, kunali kuwapempha kuti aike pachiswe zonse zimene anamanga. Bambo a m'komitiwa nawonso anali atalandira makuponi atatu ndipo onse anali akadali m'chikwama chawo.

Apa ndi pamene kafukufuku anakhotera. Chizolowezi choitana wofanana nawe chilipo paliponse, ndipo masamu a RDS amatha kuchipirira chikakhala chochepa. Chathu sichinali chochepa. Tinali ndi maukonde awiri kapena atatu olumikizidwa ndi ulusi wopyapyala, pamene masamu athu ankaganiza kuti ulipo umodzi.

Tinasankha zinthu zitatu. Tinaonjezera mbewu zimene sizinapondepo ku bungwe lija: abambo a trans awiri, munthu wina amene sali mbali iliyonse, ndi mayi wa trans wachikulire wokhala kunja kwa mzinda. Tinatsegula malo achiwiri ofunsirako m'nyumba wamba ya maofesi yopanda chikwangwani, otsegula mpaka usiku ndi Loweruka lomwe. Ndipo tinalola kuti kuponi itumizidwe ngati nambala pa foni. Zimenezi zinali ndi mtengo wake. Tinadikira milungu ingapo kuti komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa ivomereze kusinthaku, nthambi zakale zikuzirala. Nthambi zatsopano zinayamba mochedwa, choncho sizinatalike ngati zoyamba zija. Ndinkadziwa kuti powerengera zidzandivutitsa, komabe ndinaona kuti nthambi yaifupi yofika kwa anthu oyenera ndi yabwino kuposa yaitali yozungulira bwalo limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: bambo woyamba wa trans woitanidwa ndi mnzake anabwera patadutsa milungu itatu, usiku, ataimba foni kawiri kufunsa ngati m'chipindamo muli anthu ena.

Funso limene linkanyamula sikelo yonse

Poyamba tinkafunsa kuti, "Mumadziwa anthu angati a transgender?" Mayankho anachokera pa awiri mpaka mazanamazana, ndipo ambiri anaunjikana pa 10, 20 ndi 50, chizindikiro choti anthu akungoponya. Wachinyamata wina anatulutsa foni n'kuyamba kuwerenga onse omutsatira pa Facebook, ena okhala m'mayiko amene sanafikeko.

Ofufuza atsopano amaliona funsoli ngati lotsekera fomu, pamene ndilo limagawa mphamvu. Pa njira yowerengera ya Volz ndi Heckathorn ya 2008, kulemera kwa yankho la munthu kumatsika pamene chiwerengero cha anzake chikukwera. Wonena kuti amadziwa awiri amalemera ka 25 kuposa wonena 50. Ndiye munthu akaponya nambala mosaganizira, wasuntha zotsatira za mzinda wonse.

Tinalidula funsolo m'masitepe. Ndi angati amene mumawadziwa dzina, iwonso n'kumakudziwani? Mwa amenewo, ndi angati a zaka 18 kupita m'tsogolo? Okhala mumzinda uno ndi m'madera ozungulira? Amene mwaonana kapena kulankhulana nawo m'masiku 30 apitawa? Nambala yomalizayo ndi imene tinkagwiritsa ntchito. Amene tinali titawafunsa kale tinawafunsanso pamene ankabwera kudzatenga kangachepe kothokoza kuti aitana anzawo. Amene sanabwerenso tinawaika chizindikiro kuti tidzawerengere padera.

Titakonza zimenezi panatuluka vuto lina. Anthu ochepa kwambiri, odziwa mnzawo mmodzi kapena awiri, ankakoka zotsatira zonse. Mnzanga wa masamu anati tiwachotse chifukwa akusokoneza. Ndinakana, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndinakana bwino. Anthu amenewo ndiwo okhala kwaokha, opanda wowauza kuti namwino wakuti ndi wachifundo, ndipo aliyense mwa iwo akuimira ena ambiri amene kuponi siinawafike. Chimene tinachita ndi kutsimikiza nambala zawo poziyerekeza ndi mtengo wa pakhoma, pakuti munthu amene anaitanidwa ndi mmodzi n'kuitana awiri sangakhale wodziwa mmodzi yekha. Kenako tinawerengera kawiri, kulemera kwawo kuli konse, ndiponso titakuikira malire. Tinayesanso njira ya Krista Gile ya 2011, imene imathandiza pamene sampulo yatenga gawo lalikulu la gulu laling'ono. Iyo imafuna kuti uyerekeze kukula kwa gulu lonse, choncho tinaiyendetsa ndi manambala angapo osiyana kuti tione ngati yankho likugwedezeka.

Walira mvula walira matope. Kangachepe kamene tinkapereka kobwezera thiransipoti ndi nthawi kanakopa ena amene sanali a m'gululi. Tsiku lina kunabwera anyamata atatu motsatizana, makuponi awo a nambala zotsatana, ndipo mayankho awo ankafanana ngati oloweza. Wina pa timu anati tiike anthu a trans pakhomo kuti aziona ndi maso amene ali weniweni. Pa mfundo iyi sindinalole n'komwe kukambirana kutalike. Kuweruza munthu ndi nkhope, mawu kapena zovala ndi chipongwe chomwecho chimene chimawathamangitsa kuzipatala, ndipo kukanatitayitsa anthu amene sanasinthe kavalidwe kapena thupi chifukwa cha mantha kapena umphawi, amene mwina ndiwo ovutika koposa. Ngakhale kafukufuku wamkulu wa pa foni wa BRFSS ku America, amene anayamba kufunsa za transgender m'zigawo 19 mu 2014, anadzudzulidwapo chifukwa chakuti kale ofunsa ankalemba kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi pongomva mawu ake.

Tinagwiritsa ntchito mafunso awiri otsatana, monga analangizira akatswiri a gulu la GenIUSS mu 2014: munalembedwa kuti ndinu ndani pobadwa, ndipo inuyo mumadzidziwa kuti ndinu ndani lero. Tinkafunsanso ubale wa munthu ndi amene anamupatsa kuponi, ndipo wonena kuti anapatsidwa ndi munthu wosamudziwa sankapitirira. Wosefa anali mnzawo wa trans wophunzitsidwa bwino, ndipo ankacheza nawo za moyo, osati za thupi. N'kutheka kuti mmodzi kapena awiri anapulumuka sefa imeneyi. Ndinavomera kulakwitsa mbali imeneyo kusiyana ndi kubweza munthu weniweni pakhomo.

Mbale ina ya sikelo

Tsopano tinali ndi sampulo yabwinoko, koma tinkaiyerekeza ndi chiyani? Kafukufuku wa m'makomo uja anali wa chaka china, funso lake la chipatala linali ndi mawu ena, ndipo ankafunsa munthu pakhomo achibale ali pafupi, pamene athu ankayankha m'chipinda chotseka. Kusiyana kulikonse kumene tikanapeza kukanatha kukhala kwa kafunsidwe, osati kwa thanzi. Tinapempha oyendetsa kafukufukuyo kuti pa ulendo wotsatira aike mafunso athu atatu mawu ake omwewo, pamodzi ndi mafunso awiri otsatana aja. Anavomera.

Zotsatira zitabwera, anthu olembedwa kuti ndi a transgender anali ambiri kuposa mmene aliyense ankayembekezera, ndipo ambiri mwa iwo anali okalamba kapena ofunsidwa kudzera mwa womasulira. Thanzi lawo linkafanana ndendende ndi la anthu ena onse. Wina akanatha kulemba kuti palibe kusiyana kulikonse.

Masamu ake ndi osavuta koma amapweteka. Tiyerekeze kuti mwa anthu 1,000, asanu ndi a transgender. Mwa 995 otsalawo, awiri okha asamvetse funso, kapena wofunsa adine polakwika. Gulu lako la transgender lakwana anthu 7, ndipo awiri mwa iwo si ake. Kulakwitsa kumene pa anthu onse sikuoneka n'komwe kwadya gawo loposa kota ya kagulu kakang'onoko, n'kukokera zotsatira zake kufupi ndi za anthu wamba. Kusiyana kwenikweni kumabisika.

Izi zinagwerapo ngakhale maofesi akuluakulu. Kalembera wa 2021 ku England ndi Wales anapeza anthu pafupifupi 262,000, theka la munthu mmodzi pa 100 alionse a zaka 16 kupita m'tsogolo, amene anati mmene amadzidziwira n'zosiyana ndi mmene analembedwera pobadwa. Pambuyo pake zinaoneka kuti anthu osadziwa bwino Chingelezi ankagwera m'gululi mochuluka, ndipo mu 2024 ziwerengerozo zinachotsedwa pa mndandanda wa zovomerezeka kotheratu. Canada, pa kalembera wa chaka chomwecho cha 2021, anafunsa mafunso awiri osiyana n'kupeza anthu 100,815, pafupifupi mmodzi pa 300 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo. Vuto la chilankhulo ndi lalikulu kuposa mmene olemba mafomu amaganizira. M'zilankhulo zambiri, chathu chino chomwe, palibe mawu awiri okonzeka olekanitsa thupi lobadwa nalo ndi mmene munthu amadzidziwira. Ukamasulira mosasamala, gogo amamva ngati wafunsidwa chinthu chimodzi kawiri, ndipo poganiza kuti koyamba analakwitsa amasintha yankho.

Mankhwala ake anali funso lachitatu lotsimikizira. Mayankho awiri aja akasiyana, tabuleti inkaonetsa chiganizo choti wofunsa awerenge modekha: mwanena kuti munalembedwa chakuti pobadwa ndipo lero mumadzidziwa chakuti, kodi ndalemba bwino? Pa nyumba zimene zinali zitafunsidwa kale, oyang'anira anaimbanso foni, ndipo ankalankhula ndi mwini yankho yekha. Chiwerengero chinatsika kwambiri. Otsalawo anali ochepa moti sitikanawerengerapo kanthu paokha, koma tinapindula ziwiri. Tinapeza gulu loyerekezera loyera, lofunsidwa mawu ofanana m'nyengo yofanana. Ndipo mwa ochepa otsimikizikawo, ena anati sadziwa munthu wina aliyense wa transgender. Amenewa RDS singawapeze ngakhale itayenda mibadwo ingati.

Chinanso, sampulo yathu inali ya achinyamata kuposa anthu a mumzinda. Tikanayerekeza mwachisawawa, usinkhu ukanalowerera pa chilichonse. Tinayerekeza msinkhu ndi msinkhu.

Zimene tinapeza, ndi zimene tinakana kunena

Pa funso lililonse ndinajambula mzere woonetsa mmene yankho linkasinthira munthu aliyense watsopano akalowa. Mzere ukagona, ndiye kuti sampulo yaiwala mbewu zake. Wa kupewa chipatala unayambira pansi, pa mbewu za ku kiliniki zija, n'kumakwera m'badwo uliwonse. Anthu akamatalikira bungwe, m'pamenenso ankanena kuti anadwalapo osapita kukalandira chithandizo. Kwa amayi a trans mzerewo unagona bwino. Kwa abambo a trans ndi amene sali mbali iliyonse unali ukukwerabe pamene ndalama zinkatha.

Choncho nkhani yokoma ya tebulo loyamba lija inatembenuka. Pa kupewa chipatala, anthu a transgender anali kumbuyo kwambiri, ndipo zinakhala choncho pa njira iliyonse yowerengera imene tinayesa. Pa thanzi la m'maganizo, njira zonse zinaloza mbali imodzi, koma kukula kwa mpatawo kunkasintha malinga ndi mmene tawalemeretsera anthu okhala kwaokha aja. Pa kuyezetsa HIV sitinanene kuti pali kusiyana kapena palibe. Mbewu zathu zoyamba zinachokera ku mapologalamu a HIV, ndipo fungo lake silinachoke mu sampulo.

Opereka ndalama izi sizinawakomere. Ankafuna nambala imodzi ya patsamba loyamba, ndipo anatikumbutsa za kuunika kotchuka kwa Stefan Baral ndi anzake kwa 2013, kumene kunaphatikiza kafukufuku wa m'mayiko 15 n'kupeza kuti amayi a trans 19 pa 100 alionse anali ndi HIV, chiopsezo choposa cha akuluakulu ena pafupifupi ka 49. Nambala imeneyo inadzutsa dziko ndipo inayenera kutero. Koma ndi ya amayi a trans, ndipo kafukufuku wambiri wolowa mmenemo sanasankhe anthu mwamaere. Kuimata pa abambo a trans, kapena pa mzinda wathu, kukanakhala kubwereza cholakwa chathu choyamba ndi zovala zina. Ndinawauza kuti nambala imodzi yophatikiza magulu atatu ikhala nambala ya amayi a trans achitsikana yovala dzina la onse.

Tinalemba gulu lililonse padera, nambala iliyonse ndi mpata wake wa chikayiko, woonetsa malire amene yankho lenileni lingakhale pakati pake. Mipatayo inali yotakata. Matthew Salganik analangiza mu 2006 kuti sampulo ya RDS ikhale yowirikiza kawiri ya mwamaere, ndipo mu 2010 iye ndi Sharad Goel anaonetsa kuti nthawi zambiri ngakhale kawiriko n'kosakwanira. Ife tinakonzekera kawiri, ndipo pa mafunso ena sizinakwane. Mtengo wa oitanirana tinauika mu lipoti titachotsa chilichonse choululira munthu, kuti wowerenga aone yekha pamene nthambi zinafera. Tebulo la ku kiliniki lija tinaliikanso, pambali pa zotsatira zomaliza, kuti aone mmene funso limodzi linaperekera mayankho awiri otsutsana malinga ndi khomo.

Oyamba kumva zotsatira anali a komiti ya alangizi, opereka ndalama asanazione. Anatichotsetsa tebulo limodzi la misinkhu ndi madera limene, kwa munthu wa m'gulumo, linkatchula anthu mayina. Ine sindinaone ngoziyo. Iwo anaiona m'mphindi imodzi.

Patapita miyezi, zipatala ziwiri zinasintha kaitanidwe ka odwala, n'kuyamba kuitana ndi nambala kapena ndi dzina limene munthu wapereka yekha. Oyendetsa kafukufuku wa m'makomo anasunga mafunso awiri aja pamodzi ndi lotsimikizira, ndipo tinagwirizana kuti maulendo angapo akadzaphatikizidwa tidzaonenso ngati chiwerengero chakwana. Bambo a komiti aja anapereka makuponi awo awiri titatsegula malo achiwiri, ndipo nthambi yaitali koposa ya abambo a trans inamera pa iwo.

Mayi wa bala uja mu sampulo mulibe. Kuponi inamufika kudzera kwa mnzake, anaisunga mpaka tsiku lake linadutsa. Nditakumana naye kafukufuku atatha anaitulutsa m'kachikwama, yopindidwa kanayi, n'kundibwezera. Anati mwendo sukanamulola kukwera basi kawiri, ndipo foni imene ali nayo amagwiritsa ntchito ndi mchimwene wake. Pa pulani ya ulendo wachiwiri talembamo kuti wofunsa, amene akhale wa trans, azitha kupita kumalo amene wofunsidwa wasankha, pa ola limene wasankha, ndipo pempholi lili ku komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa.